Malata a atsibweni: masiku asanu ndi limodzi m'chigwa cha Shire

Lolemba, Dyeratu

Ndatsika Thabwa m'mawa uno pa minibasi, makutu atatsekeka ngati kale lonse. Amene munatsikako mukudziwa mmene zimakhalira: msewu kukhotakhota, mabuleki kununkha, kenako chigwa chonse chili yalaa pansi panu, Shire akunyezimira patali. Juzi imene ndinavala ponyamuka ku Blantyre ndaivulira pa mlatho wa Kamuzu, ndipo sindikuona kuti ndiifunanso sabata ino.

Chandibweretsa ndi malata. Nyumba ya atsibweni anga kufupi ndi Ngabu inagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Njerwa anaumba, anawotcha, zipupa zinakwera, koma denga linakanika, ndiye akhala akugona m'kanyumba ka udzu pambali pake. Achemwali anga, amene amasamalira nkhalamba ku Manchester, atumiza ndalama. Ine poti ndine mphunzitsi ndipo tili pa holide, andituma kuti ndikagule malatawo ndi kuima pomwepo mpaka akhomedwe. Akuti nkhani sakuzifuna, akufuna zithunzi.

Ndanyamulanso funso limene mwana wina wa Fomu 3 anandifunsa temu yathayi. Anati: "Aphunzitsi, makolo athu amalima chaka ndi chaka osapuma. Nanga bwanji olemera ndi anthu amene sanagwirepo khasu?" Ndinamuyankha zimene zili m'buku, zija zoloweza za kuchuluka kwa anthu ndi kusowa kwa zipangizo. Analemba mwaulemu, koma maso ake anandiuza kuti ndamudyetsa gaga.

Mu 2024 achemwali angawo ankalandira mapaundi oposa 11 pa ola, ndipo ndiwo anali malipiro otsikitsitsa amene lamulo la kumeneko linkalola. Ntchito yake ndi yomwe ija ankawachitira agogo athu kuno kwa zaka zitatu popanda ndi tambala yomwe: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza wodwala usiku. Manja ndi omwewo, mtima ndi womwewo. Chasintha ndi nthaka imene apondapo. Mukatenga chuma chimene Malawi amapanga pa chaka n'kugawira aliyense mofanana, munthu safika pa madola 700. Ku America akagawana choncho aliyense amapyola madola 80,000. Ndakhala ndikulingalira zimenezi uku ndikudya kanyenya wa mbuzi pa Dyeratu pano, ndikuyang'ana mnyamata wa kabaza atanyamula matumba atatu a makala pa njinga, thukuta lili kamukamu. Wina adzandiuze kuti ameneyu ndi waulesi.

Lachiwiri, Nchalo

Kuchokera pa Dyeratu dziko lonse ndi lofiirira: minga, milambe, mbuzi, mapesi a mapira. Ukamayandikira Nchalo mtundu umasintha mwadzidzidzi ngati wina wajambula mzere. Mbali iyi fumbi, mbali iyo nzimbe zobiriwira mpaka pamene maso alekeza, madzi akuwazidwa m'mwamba masana dzuwa likuswa mtengo. Dothi ndi limodzi, dzuwa ndi limodzi, mtsinje ndi umodzi. Kusiyana kwake ndi mapampu, ngalande, magetsi, ndi munthu amene anali ndi ndalama zogulira zonsezi asanakolole kanthu.

Munda uwu unayamba ndi kampani ya ku Britain ya Lonrho m'zaka za m'ma 1960, kampani yake ikutchedwa Sucoma, dzina limene achikulire kuno sanalisiye. Illovo inagula mu 1997, ndipo lero mwini wamkulu wa Illovo ndi Associated British Foods ya ku London, yomweyo imene ili ndi masitolo a zovala a Primark kumene achemwali anga amagulako masiketi. Ndisanamizire: fakitale iyi yalemba ntchito anthu masauzande, imakhoma msonkho, imabweretsa ndalama zakunja, ndipo masheya ena ali m'manja mwa Amalawi. Popanda iyo Nchalo akanakhala ngati malo ena onse a m'mbali mwa msewu uno. Koma phindu limatsata mwini mpamba, ndipo mpamba waukulu kwawo si kuno.

Mpambawo unayambira kuti? Pano pokha, fungo la nzimbe zowotcha lili m'mphuno, ndi pamene mbiri ya shuga yandilowa bwino. Zaka mazana angapo zapitazo shuga ndiye anali golide wa ku Ulaya, ndipo ankalimidwa ku Jamaica, ku Barbados ndi ku Brazil ndi akapolo ochokera ku Africa. Mizinda ngati Bristol ndi Liverpool inanenepa ndi malonda amenewo. Dziko la Britain litathetsa ukapolo mu 1833, boma linapereka chipukutamisozi cha mapaundi 20 miliyoni. Analandira ndi eni akapolo. Akapolowo sanalandire kalikonse. Ngongole imene boma linatenga polipira ndalamazo inatha kubwezedwa mu 2015, ine ndikuphunzitsa kale. Ndalama sizifa ngati munthu, zimabereka, ndipo ana ake amaberekanso.

Masana ndinalowa mu hadiweya. Apa ndiye ndaona zakuda. Achemwali anawerengera malata 24 potengera mtengo umene atsibweni anawauza kalekale. Mwini sitolo anangoseka: "Bwana, mitengo imeneyo ndi ya makedzana." Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chitsulo chimene amapangira malata chimachokera kunja, chimagulidwa ndi madola amene mabanki alibe. Ochita malonda ambiri amakawapeza pa mtengo wa pamsewu, pomwe mapaundi a achemwali anasinthidwa pa mtengo wa ku banki. Ndanenerera mpaka malovu kuuma. Ndatuluka ndi malata 17, misomali, ndi chenje chokwanira kulipira ngolo.

Lachitatu, kufupi ndi Ngabu

Atsibweni anandilandira pansi pa mtengo wa nimu, anawerenga malata kawiri osanena kanthu, kenako anati: "Mwagwira ntchito, muphwa wanga. Khalani pansi mupume." Azakhali anabweretsa nsima ya mapira ndi makakana. Kunyumba kuno nkhani ya ndalama siyamba munthu asanasambe m'manja kachiwiri.

Titatha kudya analowa m'kanyumba kaja n'kutuluka ndi jumbo ya shuga yakale, m'menemo muli timapepala ta thonje ta zaka zambiri. Analima thonje chiyambire ali mnyamata, monga bambo awo ndi agogo awo. Anandipatsa ka chaka chino kuti ndiwawerengere, ngakhale akudziwa bwino zimene kalemba. Pamwamba pali makilogalamu. Pansi pake mtengo. Kenako kuchotsera kumayamba: mbewu ya pangongole, mankhwala opopera a pangongole. Chotsala pansi penipeni ndi chimene anabwera nacho kunyumba atapalira katatu, atapopera ndi sipuleya kumsana mpaka mapewa kutupa, atatola thonjelo limodzilimodzi ndi zidzukulu, atalisankha, atalipondera m'mabelo. Ndinafunsa ngati ananenererako mtengo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za kumwezi. "Kunenerera ndi ndani? Wa pa sikelo uja amati mtengo wachokera ku likulu. A ku likulu amati wachokera kunja. Kunjako ndi mudzi wa yani?"

Kunjako ndi ku New York, kumene thonje limagulitsidwa ndi anthu amene sanaliwonepo likuphuka. Ndipo mtengo wa kumeneko sungotsata mvula ndi dzuwa. Alimi a thonje ku America amalandira thandizo la ndalama kuchokera ku boma lawo, motero amatha kugulitsa motchipa osagona ndi njala. Mu 2003, pa msonkhano wa malonda a dziko lonse ku Cancún m'dziko la Mexico, mayiko a Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anadandaula poyera kuti zimenezi zikupha alimi awo. Brazil ndiyo inali ndi mphamvu zokasuma, inapambana, ndipo mu 2014 America inavomera kuipatsa madola 300 miliyoni kuti mlandu uthe. Alimi a ku Mali sanaone kanthu, a ku Ngabu ndiye osanena.

Tikucheza choncho maso anga anagwera pa malaya amene atsibweni anavala, a mizeremizere, ogula pa kaunjika pa msika wa Ngabu. Ndinapempha kuona kachikwangwani ka pakhosi. Thonje lokhalokha, osokedwa ku Bangladesh. Ndinawauza kuti dziko limenelo pafupifupi thonje lonse limene limagwiritsa ntchito limachita kugula kunja, koma pogulitsa zovala padziko lapansi likutsatira China. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti mwina ndi langa lomwe ili? Linapita wapansi, labwera litavalidwa kale ndi mzungu, ndaligulanso?"

Ndi zimenezotu. Kilogalamu ya thonje ikachoka pano imakapotedwa kukhala ulusi, kulukidwa, kunyikidwa mu utoto, kusokedwa, kumatidwa dzina, kuikidwa m'sitolo. Pa sitepe iliyonse mtengo umakwera, wina amalandira malipiro, boma lina limatolera msonkho n'kumangira sukulu. Ife tili pa sitepe yoyamba, yotentha kwambiri ndi yolipira pang'ono kwambiri. Fodya ndi choncho, tiyi ndi choncho, nandolo ndi choncho. Khofi wa ku Ethiopia, koko wa ku Ghana, kopa wa ku Zambia, nkhani yake ndi imodzimodzi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti sizinali choncho chiyambire. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota okha ulusi, akuluka nsalu zawo, akusula makasu, akutcheza mchere, n'kumasinthanitsa ndi anthu a kumapiri. Masitepe onse anali m'mudzi. Iye anaona thonjelo n'kuganiza za mafakitale a nsalu a ku Lancashire, ku England. Atsamunda atakhazikika anabweretsa msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, ndipo njira yopezera ndalamayo inali kulima thonje logulitsa kapena kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Bungwe la British Cotton Growing Association, limene linakhazikitsidwa ku Manchester mu 1902, linafika mpaka m'chigwa muno kudzagula thonje. Nsalu zotchipa za m'mafakitale zinadzaza m'masitolo, ndipo oluka a m'midzi anapachika zida zawo. Chonsecho Angerezi omwewo, pamene mafakitale awo anali akhanda, anaika malamulo mu 1700 ndi 1721 oletsa nsalu zamaluwa za ku India kulowa ndi kuvalidwa m'dziko lawo. Mwana wawo anamulera m'nyumba mpaka atalimba miyendo. Wathu anatiuza kuti timutulutse panja akalimbane ndi akuluakulu.

Tinayesapo. Anzanga a msinkhu wanga akukumbukira zitenje ndi nsalu za yunifolomu za David Whitehead ku Blantyre, fakitale imene inkalemba anthu masauzande. Kuyambira mu 1981 dziko linalowa m'mapangano a ngongole ndi IMF ndi World Bank, misika inatsegulidwa, kaunjika anasefukira, ndipo pofika 2003 fakitaleyo inagulitsidwa itafooka. Sindikunyoza kaunjika, inenso buluku limene ndavala ndi la pomwepo. Ndani angakwanitse latsopano?

Usiku ndinaimbira achemwali pa WhatsApp. Akuti nyumba zakale za mafakitale a thonje ku Manchester, za njerwa zofiira, zina anazisandutsa malo ogona a anthu opeza bwino, ndipo amadutsa pafupi nazo akamapita ku ntchito. Ndinawauza za malata 17. Kunali zii kwa kanthawi, kenako anati aona kumapeto kwa mwezi.

Lachinayi, Bangula

Mmisiri wati matabwa ena ndi opindika, ayamba mawa. Ndapezerapo mwayi wopita kumunsi.

Pa Bangula ndinatsika n'kukwera kabaza mpaka pa Mtayamoyo. Dzinalo silinama. Apa madzi anadula msewu ndi njanji mu 1997, ndipo anthu opita ku Chiromo, Makhanga ndi tsidya lonse la kum'mawa amawoloka pa bwato. Ndinakwera limodzi ndi amayi awiri a madengu a nsomba, njinga yamoto, ndi mbuzi yomangidwa miyendo. Wopalasa anandiuza kuti ndichotse dzanja m'madzi. Sindinafunse chifukwa.

Njanji imeneyi ndi yakale kuposa mizinda yathu ina. Inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Mu 1935 anatsegula mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wautali makilomita oposa atatu, ndipo sitima inayamba kuyenda mpaka ku Beira osadukiza. Muyang'ane mapu a njanji za mu Africa muno: pafupifupi zonse zimachoka pa munda kapena pa mgodi kulunjika ku nyanja, ngati mipope yokhetsera. Sizinamangidwe kuti wa ku Nsanje agulitse mchere kwa wa ku Mzimba. Ndipo ngongole ya njanji ya ku Beira inasenzetsedwa Nyasaland, dziko limene linalibe ndalama zokwanira za sukulu ndi zipatala. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njirayi, katundu wathu n'kumazungulira ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ndipo mtengo wa ulendo wautaliwo unalowa mu thumba lililonse la feteleza.

M'bwatomo mayi mmodzi anandiwerengera madzi monga ena amawerengera ana: a 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, a namondwe wa Ana mu 2022, a Freddy. Wasamuka katatu. Chaka china anakhala miyezi akudya nyika zokumba m'dambo, m'madzi momwe muli ng'ona. Ndinakumbukira kuti Ana yemweyo anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ife ku Blantyre n'kumalemba mayeso a ana pa kandulo. Freddy anasiya akufa ndi osowa oposa 1,000. Chigwa chino chimasefukira kuyambira kale, ndipo mitengo imene tadula kumapiri yaonjeza vutoli, zimenezo ndi zathu. Koma nyanja zikutentha chifukwa cha utsi wa malasha ndi mafuta amene mayiko ena anawotcha polemera. Mmalawi mmodzi amatulutsa mpweya woipawo pafupifupi matani 0.1 pa chaka, wa ku America pafupifupi matani 14. Makolo ankati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Apa zatembenuka, adya ndi akuluakulu, akupotokola m'mimba ndi mayi uyu.

Anatsika, anasenza dengu lake, anati "takhuta", zikomo wa Chisena, kwa wopalasa, n'kumapita.

Lachisanu, Nsanje

Ndagona kwa mnzanga amene tinali limodzi ku koleji, amaphunzitsa kuno. M'mawa ananditengera ku doko.

Chipupa cha simenti chachitali m'mbali mwa Shire, udzu utamera m'ming'alu, ana akuwedza, amayi akuchapa. Analitsegula mu Okutobala 2010 a Bingu wa Mutharika, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pomwepo. Chombo chimene khamu linkadikira sichinafike, chinagwidwa ku Mozambique, kumene boma linati silinavomereze kuti zombo ziziyenda pa Zambezi kafukufuku asanachitike. Maganizo ake sanali opusa, dziko lopanda nyanja limalipira kawiri pa chilichonse. Koma tinamanga khomo tisanagwirizane ndi mwini bwalo.

Ndinayamba kumufotokozera mnzangayo zonse za sabata ino, za Manchester, za Cancún, za utsi. Anandidula. "Achimwene, inu a ku Blantyre mumakonda nyimbo imeneyi. Azungu anachoka mu 1964. Cashgate ya mu 2013 anaba ndi Angerezi? Ngongole zathu zambiri anatikhululukira mu 2006, lero tamiranso mpaka m'khosi. Anatigwira dzanja ndani posaina?" Anatchula Botswana, yopanda nyanja ngati ife, imene inalandira ufulu mu 1966 ili m'gulu la mayiko osaukitsitsa, koma inagawana bwino phindu la diamondi ndi De Beers n'kumanga misewu ndi zipatala. Anatchula South Korea, imene mu 1960 inali yosauka ngati mayiko ambiri a mu Africa.

Ndinamuyankha kuti Korea inagawira alimi malo, inaphunzitsa ana onse, inateteza mafakitale ake ndi kuwakakamiza kugulitsa kunja, ndiponso America inathirako ndalama zambiri poopa chikomyunizimu. Zina mwa zimenezo ife anatiletsa pamene tinkapempha ngongole. Iye anati: "Kuphunzitsa ana anakuletsani ndani? Kalasi langa lili ndi ana oposa 100."

Apo ndinakhala chete. Tinakangana mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo ndikuona kuti tonse timaloza nyama imodzi, wina kumutu wina kumchira. Masewerawa malamulo ake analemba ndi ena, mabwalo ndi awo, ndalama imene timabwerekera ndi yawo, moti kwacha ikagwa ngongole imakula tili m'tulo. Anthu 10 pa 100 alionse padziko lapansi ali ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chuma chonse, pamene theka la anthu onse likugawana 2 peresenti. Zimenezo ndi zoona. Komanso timu yolowa m'bwalo itagoletsedwa kale siyenera kumagulitsa nsapato za osewera ake. Iye sanagonje, inenso sindinagonje. Tinakadya mlamba wowamba pa msika, analipira ndi iye.

Loweruka, kufupi ndi Ngabu

Ndafika mmisiri ali pamwamba, anyamata a m'mudzi akumupatsira malata. Atsibweni anati mutu umodzi susenza denga, ndipo lero mwambiwo unali wosafuna kumasulira. Ndajambula zithunzi zambiri, zina ndatumiza kale.

Anthu kuno akukamba za ngalande yaikulu imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000. Ndinafunsa atsibweni ngati akuiyembekezera. Anati madzi ndi abwino, palibe amakana madzi, koma iwo akufuna adziwe kaye kuti chimene adzalimepo adzagula ndani, ndipo sikelo idzakhala ya yani.

Malata 17 akwana chipinda chogona ndi pabalaza. Chipinda cha zidzukulu chatsala pululu, matabwa okhaokha, thambo likuonekera. Mmisiri wati tiyalepo pulasitiki ndi udzu mvula isanayambe. Ndinati ndiyesa kusunga pa malipiro anga, achemwali nawonso aona. Atsibweni anapukusa mutu. "Mwanayo musamulemetse, akuzizidwa kokwanira kumeneko. Asanu ndi awiri otsalawo tidzagula ndi thonje la chaka chamawa."

Ndinafunsa ngati adzalimanso thonje, pambuyo pa kapepala kaja. Anati dzina analembetsa kale, mbewu ibwera mu Novembala. Kenako anaitana mdzukulu kuti andithamangire kumsewu, akaimitse minibasi ya ku Blantyre isanadzaze.